Galu ndi Mphaka Akagwa M'ngozi: Thandizo Loyamba Pamudzi

MAWU OYAMBA

Kuno ku Angónia mudzi uliwonse uli ndi agalu. Galu amalonda khola la ng'ombe usiku. Amapirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Amauwa fisi kapena wakuba akayandikira pakhomo. Mphaka nayenso ali ndi ntchito yake. Amateteza nkhokwe ndi matumba a nyemba kwa makoswe. Galu ndi mphaka sitipita nawo ku msika monga mbuzi, koma ndiwo amatisungira chuma chimene timagulitsa.

Komabe galu akavulala, ambiri a ife timangoti, "Ndi galu uyu, achira yekha." Ena amachiradi. Ena amafa ndi zinthu zimene tikadathandizapo ndi madzi, sopo, mchere ndi nsalu yochapa bwino. Ndiponso matenda ena a galu, monga chiwewe, amapha ndi anthu omwe.

Dokotala wa ziweto sakhala m'mudzi uliwonse. Kuchokera ku midzi ya m'tsinde mwa phiri la Dómuè kukafika ku Ulónguè ndi ulendo. M'dzinja misewu imaterera ndipo mitsinje imadzaza. Choncho thandizo loyamba lili m'manja mwathu. M'kabuku kano tiphunzira zinthu zitatu: kuzindikira ngozi, zoyenera kuchita msanga, ndi zimene sitiyenera kuchita.

PHUNZIRO 1: TIDZIWE CHIWETO CHATHU CHIKADALI BWINO

Sitingadziwe galu wodwala ngati sitidziwa galu wamoyo bwino. Tiyeni tiphunzire kuyang'ana malo anayi.

Nkhama. Tikweze mlomo wa galu wathu pang'ono, tione nkhama. Nkhama zabwino ndi zofiirira ndi zonyowa, monga m'kati mwa mlomo wathu. Zikayera ngati pepala, magazi achepa m'thupi. Zikakhala zachikasu, chiwindi kapena magazi ali ndi vuto. Agalu ena amabadwa ndi nkhama zakuda. Kwa agalu otere tiyang'ane m'kati mwa chikope cha m'munsi.

Kupuma. Galu akagona phee amapuma ka 10 mpaka ka 30 pa mphindi imodzi. Tiwerenge poyang'ana nthiti zake. Mphaka wopuma kukamwa kuli yasa ali pa ngozi yaikulu.

Khungu. Titsine khungu la pamwamba pa mapewa, tilikweze, kenaka tilisiye. Likabwerera nthawi yomweyo, thupi lili ndi madzi okwanira. Likatsala chiimire, madzi atha m'thupi.

Kutentha. Thupi la munthu limatentha madigiri 37. La galu ndi mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39. Choncho galu amamveka wofunda kuposa ife ngakhale asakudwala.

Zizindikiro izi zikuonetsa ngozi yosafunika kudikira mawa: magazi osaleka kutuluka, kupuma movutikira, kukomoka, kunjenjemera thupi lonse, kulephera kuimirira, kusanza kosalekeza, ndi kulephera kukodza. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu.

PHUNZIRO 2: TIYAMBE TADZITETEZA

Galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Sachita dala. Ululu ndi mantha ndi zimene zimamulumitsa. Tisanamugwire tichite izi.

Choyamba, tichotse ana pamalopo. Chachiwiri, tidzifunse: kodi galuyu tikumudziwa? Kodi tinaona chimene chamuvulaza? Galu wachilendo amene akudwala, kapena wathu amene wasintha khalidwe popanda chifukwa, tisamugwire konse. Chingakhale chiwewe. Tidzaphunzira za chiwewe m'phunziro 7.

Ngati taona chimene chamuvulaza, tifike pang'onopang'ono, tikumuitana dzina lake ndi mawu ofatsa. Ting'ambe kansalu katali ku chitenje chakale. Tikulunge kansaluko kukamwa kwa galu, timange mfundo kunsi kwa chibwano, kenaka tipititse nsonga zake kuseri kwa makutu ndi kumanganso. Mphuno ikhale poyera kuti azipuma. Galu amene akusanza kapena akubanika tisamumange kukamwa.

Mphaka timufunditse bulangeti kapena thumba la chiguduli, miyendo yonse ikhale m'kati. Pomunyamula timuike m'dengu lovundikira kapena m'katoni yoboola timabowo.

Ngati tilibe magolovesi, tivale mapepala a pulasitiki m'manja. Tikatha tisambe m'manja ndi sopo.

PHUNZIRO 3: MABALA, KUTHYOKA NDI KUPSA

Agalu athu amavulala m'njira zambiri. Ena amakodwa mu msampha wa waya. Ena amatemedwa ndi chikwanje kapena kuvulazidwa ndi nguluwe ku uzimba. Ena amagundidwa ndi njinga zamoto, kapena ndi malole pa msewu waukulu wopita ku chipata cha Calómuè.

Bala likamatuluka magazi, tipinde nsalu yochapa bwino, tiike pa balapo, tipsinje ndi dzanja kwa mphindi 10. Tisamavundukule kuti tione. Magazi akabzola, tisanjike nsalu ina pamwamba, osachotsa yoyamba ija. Magazi akaleka timange ndi nsalu, koma osathinitsa. Chala chathu chizitha kulowa kunsi kwa nsaluyo.

Potsuka bala tigwiritse ntchito madzi a mchere. Tiwiritse theka la lita ya madzi, tithiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, tidikire azizire. Timete ubweya wozungulira bala ndi sizasi. Tithire madziwo mpaka dothi ndi zinyalala zonse zitachoka. Tichite zimenezi kawiri pa tsiku. M'dzinja ntchentche zimaikira mazira pa bala ndipo pamachita mphutsi. Tiziyang'ana tsiku lililonse ndi kuchotsa mphutsi zonse.

Pa bala tisathirepo oyilo wakuda wa injini, asidi wa batire, phulusa, dothi, ndowe kapena dibi wa ng'ombe. Zimenezi zimatentha mnofu ndi kuonjezera tizirombo.

Waya wa msampha ukalowa m'mnofu, tiudule ndi pulayala. Tisaukoke. Bala likaboola chifuwa kapena mimba, tiphimbe ndi nsalu yonyowa ndi madzi a mchere aja, tithamange kukafuna dokotala. Matumbo akatuluka tisawabwezere m'kati ndi zala.

Mwendo ukathyoka umalendewera ndipo galu sauponda. Tisaukoke poyesa kuwongola. Timugoneke galuyo pa thabwa kapena pa chiguduli chogwira anthu awiri. Ngati miyendo yonse yakumbuyo yafooka atagundidwa, mwina msana wathyoka, ndiye tisamupinde pomunyamula. Galu wogundidwa angathe kuoneka bwino kunja pamene magazi akutayika m'kati. Tiziyang'ana nkhama zake kawirikawiri tsiku lonselo.

Mu Juni ndi Julayi kuno kumapiri kumazizira kwambiri. Tiana ta agalu ndi amphaka timagona pafupi ndi moto, ndipo ena amapsa ndi makala, phala kapena madzi otentha. Tithire madzi ozizira pamene papsapo kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Tikatero tifunditse thupi lonse kuti asazizidwe. Tisapakepo mafuta ophikira, dzira kapena mankhwala otsukira mano.

PHUNZIRO 4: POIZONI

Ife alimi a mbatatesi, fodya, tomato ndi kabichi timasunga mankhwala opopera m'nyumba. Timasunganso dibi ndi mankhwala a makoswe. Onsewa angathe kupha galu, mphaka, nkhuku, ngakhalenso mwana.

Mankhwala ena amagwira msanga. Chitsanzo ndi timibulu takuda timene anthu amati temeki. Dzina lake lenileni ndi aldicarb. Galu akadya, pasanathe ola limodzi amatuluka dovu lambiri, amasanza, amatsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Mankhwala ambiri opopera mbozi amaonetsanso zizindikiro zomwezi. Jekeseni wothandiza alipo, dzina lake atropine, koma amabaya ndi dokotala ndipo amafunika msanga.

Mankhwala ena a makoswe amachedwa. Galu amaoneka bwino kwa masiku 3 mpaka 5. Kenaka amafooka, nkhama zimayera, magazi amatuluka m'mphuno kapena m'chimbudzi. Mankhwalawa amaletsa magazi kuundana. Dokotala amapereka vitamini K1 kwa masabata angapo. Choncho tikaona galu akudya mankhwala a makoswe tisanene kuti, "Onani, sanafe." Tipite naye tsiku lomwelo.

Tichite izi. Tichotse poizoni wotsala kuti ziweto zina zisadye. Titenge botolo kapena pepala la mankhwalawo kukaonetsa dokotala. Ngati mankhwala atayikira pa ubweya, timusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri, ife titavala mapulasitiki m'manja. Masanzi ndi makoswe akufa tikwirire m'dzenje lakuya.

Tisamumwetse mchere wambiri kuti asanze, pakuti mchere wambiri nawonso umapha. Tisamukakamize mkaka kapena mafuta ophikira. Mafuta amathandiza mankhwala ena kulowa msanga m'magazi. Galu wokomoka kapena wonjenjemera tisamuthire kalikonse m'kamwa, chifukwa chimapita ku mapapo. Wamwa parafini kapena asidi asasanzitsidwe konse.

Tichenjerenso ndi mankhwala a anthu. Mbulu umodzi wa paracetamol, amene ambiri timati Panado, ungathe kupha mphaka. Ibuprofen ndi diclofenac zimaononga chifu ndi impso za galu. Dibi wa ng'ombe ndi mankhwala ena ophera nthata za agalu amapha amphaka. Safunsa anadya phula. Tiyambe tafunsa alangizi.

PHUNZIRO 5: NJOKA

Mphiri imakonda kugona m'njira ndi m'zinyalala za m'munda. Siithawa msanga. Galu amapita kukainunkhiza, choncho kawirikawiri amalumidwa kumaso, m'khosi kapena mwendo wakutsogolo. Pamalopo pamatupa msanga ndipo pamawawa kwambiri.

Tivule chingwe kapena lamba wa m'khosi kutupa kusanakule. Timunyamule galuyo, asayende yekha, pakuti kuthamanga kumafulumizitsa ululu wa njoka m'thupi. Timugoneke pamthunzi. Tisateme mphini pa balapo. Tisayamwe. Tisamange chingwe chothina pa mwendo, chifukwa mnofu umafa ndipo mwendo umaola. Tisatayenso nthawi kusaka njokayo, ingatilume ifenso.

Pali njoka ina imene imatukula mutu ndi kulavulira m'maso. Galu amabwera akulira, maso ali psuu, akuwakanda ndi mwendo. Titsuke masowo nthawi yomweyo ndi madzi abwino ambiri kwa mphindi 15. Kuchedwa kungachititse khungu.

Mankhwala othetsa ululu wa njoka ndi odula ndipo sapezeka wamba. Komabe dokotala angathe kuthandiza ndi mankhwala ochepetsa kuwawa ndi oletsa bala kuola. Agalu ena olumidwa ndi mphiri amachira akasamalidwa bwino, akamapatsidwa madzi akumwa ndi kutsukidwa bala tsiku ndi tsiku.

PHUNZIRO 6: KUTSEKULA M'MIMBA NDI MATENDA A NKHUPAKUPA

Pali nthenda imene imatha tiana ta agalu. Inadziwika pa dziko lapansi m'chaka cha 1978, ndipo madokotala amaitcha parvo. Imagwira kwambiri tiagalu tosakwana miyezi 6. Kagalu kamaleka kudya, kamasanza, kenaka kamatsekula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Kagalu kangathe kufa m'masiku awiri kapena atatu.

Tipatule kagalu kodwala. Tikonze madzi a shuga ndi mchere monga timachitira ndi mwana wotsekula m'mimba: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Tikamwetse pang'onopang'ono ndi supuni cha m'mbali mwa kamwa, kangapo pa ola lililonse. Kakamasanza chilichonse, kakufunika dokotala kuti alowetse madzi m'thupi ndi singano. Tikafunditse, makamaka usiku. Kachirombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Tikwirire chimbudzi chake ndi kutsuka mbale zake ndi madzi othira Jik kapena Javel. Nthendayi siigwira anthu. Katemera wake alipo ndipo amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8.

Nkhupakupa nazo zimalowetsa tizirombo timene timaswa magazi a galu. Galu amatentha thupi, amangogona, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi. Jekeseni wochiza alipo. Koma tisatenge Berenil wa ng'ombe ndi kubaya galu tokha. Muyeso ukapitirira pang'ono pokha, mankhwalawa amaononga ubongo wa galu. Popewa, tizichotsa nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Tigwire pafupi ndi khungu ndi kukoka molunjika.

PHUNZIRO 7: CHIWEWE

Phunziro ili ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa likukhudza moyo wa ana athu.

Chiwewe chimayamba ndi kachirombo kopezeka m'malovu a nyama yodwala. Kachiromboka kamalowa pa bala, kamayenda m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Ulendowu umatenga masabata kapena miyezi, ndipo nthawi yonseyo wolumidwayo amaoneka bwino. Koma zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala ochiza, kaya kwa galu kaya kwa munthu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse. Pafupifupi onse ndi a mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 akufa, anayi ndi ana osakwana zaka 15.

Galu wachiwewe amasintha khalidwe. Wofatsa amalusa, wolusa amafatsa. Ena amayendayenda kutali, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse, ndipo mawu a kuuwa amasintha. Ena salusa konse. Amangobisala pamdima, chibwano chili lende, dovu likuchucha, ngati fupa lawaima pakhosi. Apa ndi pamene anthu ambiri amatengera chiwewe, popisa dzanja m'kamwa kufuna kuchotsa fupa. Tisapise dzanja m'kamwa mwa galu wotere. Potsiriza miyendo imafooka ndipo galu amafa pasanathe masiku 10. Amphaka, nkhandwe, ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba nazo zimadwala chiwewe. Nkhandwe yolowa m'mudzi masana yosaopa anthu tiithawe.

Tikakayikira galu, timutsekere m'khola kapena m'nyumba popanda kumugwira. Tiuze amfumu ndi alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Ngati waphedwa, mutu wake usaphwanyidwe, pakuti ubongo ndi umene amakayesa kuti adziwe ngati chinalidi chiwewe. Mtembo tisaugwire ndi manja. Ng'ombe kapena mbuzi yakufa ndi zizindikiro za chiwewe tisaisende ndipo tisaidye. Galu wathu akalumidwa ndi galu wachiwewe, tikanenenso. Alangizi ndiwo adzatiuza chochita, poona ngati analandira katemera kapena ayi.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tichite zinthu zitatu.

1. Titsuke bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Wina azithira madzi, wina azitsuka. Kutsukaku kumachotsa tizirombo tambiri.

2. Tipite ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati chipatala chaching'ono chilibe katemera, tipemphe kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu ku Ulónguè.

3. Timalize majekeseni onse. Katemerayu amabaya kangapo pa masiku osiyana. Tisunge khadi ndi kupita pa tsiku lililonse limene alemba.

Galu amene waluma munthu, ngati akudziwika, amangidwe ndi kudyetsedwa kwa masiku 10. Akakhalabe wamoyo ndi wabwino masikuwo atatha, sanapatsire chiwewe pa tsiku limene analuma. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 kunyumba. Apite ku chipatala, a chipatala ndiwo aweruze.

Ana ambiri amabisa bala poopa kukwapulidwa. Tiwauze kuti, "Galu akakuluma, ngakhale pang'ono, udzandiuze. Sindidzakumenya."

Katemera wa chiwewe si wachilendo. Pa 6 Julayi 1885, ku Paris m'dziko la France, Louis Pasteur anapereka katemera kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe. Mnyamatayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895. Nchifukwa chake maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa 28 Seputembala. M'chaka cha 2015 maiko ndi mabungwe anagwirizana cholinga chakuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Kupha agalu ambirimbiri sikuthetsa chiwewe, chifukwa agalu ena amabadwa ndi kubwera m'malo mwawo. Chimene chimathetsa ndi katemera. Agalu 7 mwa agalu 10 alionse akalandira katemera chaka ndi chaka, kachirombo kamasowa njira. Anzathu a ku Blantyre m'dziko la Malawi anaonetsa kuti nzotheka. M'chaka cha 2015, mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies, anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Ife tili m'malire ndi Dedza ndi Ntcheu. Galu sadziwa malire ndipo safunsidwa chiphaso. Katemera wa mbali imodzi amateteza mbali zonse ziwiri.

TIWERENGE AWIRIAWIRI

Mmodzi akhale agogo, wina akhale mlangizi wa ziweto.

Mlangizi: Agogo, mwaswera bwanji? Agalu anu sindinawaone ku bwalo lero.

Agogo: Ndaswera bwino, alangizi, kaya inu. Anga aja ndi a uzimba. Anthu akuti jekeseni amafoola galu, sathamanganso kalulu.

Mlangizi: Iyayi, agogo. Ena amagona tsiku limodzi, mawa lake ali bwino. Liwiro silitha, fungo salitaya. Ndipotu agalu a uzimba ndiwo amakumana ndi nkhandwe kuthengo.

Agogo: Nanga wamkaziyu ali ndi bere. Sataya ana?

Mlangizi: Sataya. Katemerayu alibe kachirombo kamoyo. Bwerani naye, pamodzi ndi mphaka yemwe.

Agogo: Chaka chatha ndinabayitsa. Sizinakwane?

Mlangizi: Munachita bwino, agogo. Koma timabwereza chaka chilichonse. Kodi adzukulu anu samasewera nawo agaluwa?

Agogo: Amadyera nawo limodzi mkute m'mawa. Basi, dikirani pang'ono nditenge chingwe.

KUMENE TINGAPEZE THANDIZO

Za ulimi ndi ziweto m'boma lathu zimayendetsedwa ndi ofesi ya SDAE ku Ulónguè. Alangizi a ziweto amachokera kumeneko, ndipo ndiwo amalengeza masiku a katemera wa agalu ndi amphaka. Tifunse amfumu kapena mlangizi wa dera lathu nambala ya foni, tiilembe pa chikuto cha kabuku kano lero, ngozi isanagwe.

Poimba foni kapena pofika ku ofesi tinene zinthu zisanu: mtundu wa chiweto ndi msinkhu wake, chimene chachitika, nthawi imene chinayamba, zimene tachitapo kale, ndiponso ngati pali munthu amene walumidwa.

Nthawi zina chiweto chimavulala kotero kuti sichingachire. Kuchisiya chikuvutika masiku ambiri si chifundo. Tifunse dokotala kapena alangizi njira yochipumitsa msanga popanda kuchizunza.

Pakhomo tisunge m'kachitini zinthu izi: nsalu zochapa ndi kusita, sopo, mchere, shuga, sizasi, mapepala a pulasitiki, chingwe, ndi khadi la katemera.

MAWU OTI TILEMBE

galu, mphaka, bala, nkhama, dovu, mphiri, poizoni, nkhupakupa, chiwewe, katemera

Tigawe mawu awa m'maphatikizo: chi-we-we, ka-te-me-ra, nkhu-pa-ku-pa.

Tilembe m'makope athu: Galu akaluma munthu, titsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15.

MASAMU

1. M'mudzi wina muli agalu 40. Tikufuna kuti 7 mwa 10 alionse alandire katemera. Kodi ndi agalu angati?

2. Galu waluma mwana pa 3 Juni. Timuyang'anire masiku 10. Kodi tidzamaliza pa tsiku liti?

3. Pa lita imodzi ya madzi timathira masupuni aang'ono 6 a shuga. Nanga pa theka la lita tithira angati?

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi nkhama zoyera zimatiuza chiyani?

2. Nchifukwa chiyani sitithira oyilo wakuda pa bala?

3. Galu akuchucha dovu ngati fupa lamuima pakhosi. Tichite chiyani, ndipo tisachite chiyani?

4. Kodi pakhomo pathu mankhwala opopera ndi a makoswe timasunga pati? Kodi mwana kapena galu angafikepo?

5. Nchifukwa chiyani ana amabisa akalumidwa? Tingawathandize bwanji?

NTCHITO YA SABATA INO

Tigawane m'magulu a anthu atatu. Gulu lililonse liyende m'makomo 10 ndi kulemba chiwerengero cha agalu ndi amphaka. Tilembenso amene analandira katemera m'miyezi 12 yapitayi. Tikakumananso tidzaphatikize manambala onse pa bolodi, tione ngati mudzi wathu wafika pa 7 mwa 10. Ngati sunafike, tisankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, apite ndi amfumu kukapereka pepalalo kwa alangizi ndi kupempha tsiku la katemera.